Millinocket, tauni yomwe inamera chifukwa cha mapepala

Kumpoto kwa America, m'chigawo cha Maine, kuli katauni kotchedwa Millinocket. Kale kunali nkhalango basi. Ndiye kampani ya Great Northern Paper inafika, kumanga madamu, kumanga fakitale, pofika 1900 makina anali atayamba kutulutsa mapepala osindikizira nyuzipepala. Tauniyo inakula mwachangu zedi moti anthu anangoitcha Magic City, ndipo amisiri ambiri omanga anachokera ku Italy, mpaka lero kuli dera lomwe amati Little Italy. Mu 1907 anatsegulanso fakitale ina chapafupi, ku East Millinocket.

Mitengo ankadula nthawi yachisanu, madzi oundana akasungunuka nkuponya zipikazo mu mtsinje wa Penobscot kuti ziyandame zokha mpaka kufakitale, amuna akuzikankha ndi ndodo zachitsulo kunsonga, zikapanikizana pena wina amayenera kuyenda pamwamba pake kukazimasula, ena ankafera momwemo. Cha m'ma 1970 zoyandamitsazi zinatha, anamanga msewu wa malole wotchedwa Golden Road.

Kampaniyi inali ndi nkhalango yoposa maekala 2 miliyoni, antchito oposa 4,000. Mnyamata akangomaliza sekondale sankavutika nkulemba makalata ofunsira ntchito, bambo ake ali momwemo, agogo ake anapumira momwemo. Komanso nkhalango ija ngakhale inali ya kampani, anthu ankaitenga ngati yawo: kusaka agwape, kuwedza, kumanga kanyumba m'mbali mwa nyanja pamalo a lendi yochepa. Apa ndi pomwe pagona nkhani.

Zinayamba kusokonekera m'ma 1980. Makina akalamba, mafakitale a ku Canada ndi kum'mwera kwa America akugulitsa motchipa. Mu 1990 kampani ina ya mapepala, Georgia-Pacific, inalanda kampaniyo mokakamiza, chaka chotsatira nkugulitsa kwa inzake ya Bowater, kenaka kumangopatsirana ngati mpira, nkhalango nkumagulitsidwa zidutswazidutswa. 2003 kampani inagwa ndi ngongole. 2008 fakitale ya Millinocket inatseka, mafuta omwe ankawotcha anali atakwera mtengo. Ya East Millinocket inakakamirabe mpaka 2014, koma tangoganizani, ina mwa ntchito zake inali kupanga mapepala a mabuku a manambala a foni aja, ndani angawafunenso intaneti itabwera? Anthu a ku Millinocket anali pafupifupi 7,700 mu 1970, pofika 2020 anatsala 4,100 ndi kadontho. Nyumba zinatchipa koma wogula panalibe.

(Ife kuno tili ndi yathu yotembenuza. Paini wa ku Chikangawa anadzalidwa kuti adzadyetse fakitale yogaya mitengo ya mapepala ku Chintheche, fakitale yake sinamangidwe nkomwe.)

Mkangano weniweni unabuka mayi wina wachuma, Roxanne Quimby, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani ya zodzoladzola ya Burt's Bees, atayamba kugula malo aja kuti pakhale paki, nkhalango yotetezedwa ndi boma. Malo ena analetsa kusaka ndi kuyendetsa tinjinga tamoto ta pachipale chofewa. Eee anthu anakwiya, zikwangwani zoti "National Park No" zinali mbwee m'misewu. Kwa iwo paki inkatanthauza kuvomera kuti fakitale sidzabweranso, ndipo munthu amene ankalandira malipiro a fakitale ukamuuza kuti azikagulitsa khofi kwa alendo amaona ngati chipongwe. Ine sindiwadzudzula, koma kunena zoona paki siyomwe inatseka fakitale, eni kampani ndi omwe anayamba kugulitsa nkhalango. Mu Ogasiti 2016 Obama, pulezidenti wa nthawiyo, anasaina, maekala pafupifupi 87,500 a malo omwe Quimby anagula aja anasanduka malo otetezedwa ndi boma otchedwa Katahdin Woods and Waters National Monument.

Kuyambira 2015 mwezi wa Disembala kumachitika mpikisano wothamanga mtunda wautali, kulowa ulele, othamangawo amangopemphedwa kuti ndalama yomwe akanalipira akaidyere m'mashopu ndi m'malesitilanti a m'tauniyo. Amabwera ambiri ndithu, m'chisanu choopsa chija.