NBA inayambitsidwa ndi eni mabwalo a hockey

Anthu amene anayambitsa ligi ya basketball ya ku America yomwe lero timaitchula kuti NBA sikuti anali okonda masewerowa. Anali eni mabwalo akuluakulu ofolera m'mizinda ngati Boston, New York, Chicago ndi Toronto, ndipo ndalama zawo ankazipeza pa hockey, masewero aja osewerera pa madzi oundana. Timu ya hockey ikapita kukasewera kwina, bwalo linkangokhala gwaa, pomwe alonda ndi magetsi zikudyabe ndalama. Pa 6 June 1946 anthuwa anakumana ku New York n'kukhazikitsa Basketball Association of America, ndipo udindo woitsogolera anaupereka kwa Maurice Podoloff, loya yemwe ankatsogoleranso ligi ina ya hockey.

Matimu oyamba analipo 11. Masewero oyamba sanachitikire n'komwe ku United States koma ku Toronto, m'dziko la Canada, pa 1 November 1946, pamene New York Knickerbockers (mwachidule Knicks) inagonjetsa Toronto Huskies 68-66. Pofuna kukopa anthu, a Huskies analengeza kuti aliyense wotalika kuposa wosewera wawo George Nostrand alowa ulere. Sizinaphule kanthu, timuyo inatha itangosewera chaka chimodzi. Mwa matimu 11 aja, atatu okha ndiwo alipobe: Boston Celtics, Knicks ndi Warriors, ndipo Warriors inachoka kalekale ku Philadelphia komwe inayambira.

Mabwalo anali nawo, koma akatswiri anali kwina. Kuyambira 1937 kunali ligi ina, National Basketball League, ya m'matauni ang'onoang'ono a m'katikati mwa dzikolo. Matimu ena kumeneko anali a makampani, ngati mmene Bullets inalili m'manja mwa kampani ya nsapato ya Bata. Kampani za matayala za Goodyear ndi Firestone zinali ndi matimu awo ku Akron, ndipo Fred Zollner, mwini fakitale ya mapisitoni a injini ku Fort Wayne, anatcha timu yake Zollner Pistons. Mu 1948 eni mabwalo aja ananyengerera matimu anayi a ligi imeneyi kuti asamukire kwawo, kuphatikizapo Minneapolis Lakers ya chimphona George Mikan. Ligi yotsalayo inalibenso mphamvu, ndipo pa 3 August 1949 ziwirizi zinaphatikizana n'kukhala National Basketball Association ya matimu 17.

Matauni ang'ono ngati Sheboygan, Waterloo ndi Anderson sanachedwe kugwa m'njira. Pofika 1955 matimu anali atatsala 8 basi. China chomwe chinkathamangitsa anthu chinali kaseweredwe kake. Timu ikatsogola inkangopatsirana mpira osaponya, kudikira nthawi ithe. Pa 22 November 1950 Fort Wayne inagonjetsa Lakers 19-18, anthu olipira pakhomo akukuwa ndi mkwiyo. Mankhwala ake anabwera nawo ndi Danny Biasone, mwini timu ya Syracuse Nationals. Iye anaona kuti masewero osangalatsa amakhala ndi kuponya pafupifupi ka 120, matimu onse awiri pamodzi. Mphindi 48 za masewero ndi masekondi 2,880, ndipo ukawagawa ndi 120 umapeza 24. Kuyambira 1954 timu imayenera kuponya mpira masekondi 24 asanathe, apo ayi mpira upita kwa anzawo. M'chaka choyamba chomwecho mapointi a timu pa masewero amodzi anakwera kuchoka pa 79 kufika pa 93. Kwa ine, munthu ameneyu ndiye anapulumutsa ligiyi, ngakhale timu yakeyo inagulitsidwa mu 1963 n'kukakhala Philadelphia 76ers.

Apa ndi pamene wokonda mpira wamiyendo amadabwa. Ku NBA kulibe kutsika kapena kukwera ligi. Timu ndi katundu wa mwini wake, ndipo akaona kuti mzinda wina uli ndi anthu ambiri kapena ukumulonjeza bwalo latsopano, amanyamula zonse n'kumapita. Pistons inapita ku Detroit mu 1957. Lakers inasiya Minnesota, dera la nyanja zambirimbiri lomwe linaipatsa dzina, n'kupita ku Los Angeles mu 1960. Jazz inachoka ku New Orleans kupita ku Utah mu 1979. Rochester Royals ndiye inayenda zedi: Cincinnati mu 1957, Kansas City mu 1972 komwe inasanduka Kings, kenako Sacramento mu 1985. Bala lomwe silinapole ndi la ku Seattle. SuperSonics inasewera kumeneko zaka 41, inatengako chikho mu 1979, koma mu 2008 eni ake atsopano, atakanganapo ndi akuluakulu a mzindawo pa nkhani ya bwalo, anaisamutsira ku Oklahoma City n'kuitcha Thunder. Anthu a ku Seattle anatsala ndi dzina ndi mitundu ya yunifomu.

Celtics sinasunthe, ndipo ndi yomwe ili ndi zikho zambiri, 18 pofika 2024, Lakers ikutsatira ndi 17. Zikho 11 mwa 18 zimenezi Celtics inatenga pakati pa 1957 ndi 1969 ili ndi Bill Russell, yemwe mu 1966 anakhala mphunzitsi wamkulu woyamba wachikuda mu ligiyi. Osewera achikuda anayamba kuloledwa mu 1950, ndipo woyamba kulowa m'bwalo anali Earl Lloyd. Za akatswiri ngati Magic Johnson, Larry Bird, Michael Jordan ndi Hakeem Olajuwon wa ku Lagos ambiri akuzidziwa kale. Chiwerengero cha matimu chinafika pa 30 mu 2004, ndipo imodzi yokha, Toronto Raptors, ndiyo ili kunja kwa United States.

Matimu anayi mwa 30 amenewa anabadwira kwa mdani. Mu 1967 kunayamba American Basketball Association, ligi ya mpira wa mawanga ofiira, oyera ndi abuluu, yomwe inatchukitsa kuponya kwa patali kwa mapointi atatu ndipo inali ndi katswiri Julius Erving. Inalimbirana osewera ndi NBA mpaka matumba anabooka. Mu 1976 NBA inavomera kulandira Denver Nuggets, Indiana Pacers, New York Nets ndi San Antonio Spurs zokha, ndipo lamulo la mapointi atatu inadzalitengera mu 1979.

Eni matimu osiyidwawo anayenera kupepesedwa. Mwini Kentucky Colonels analandira madola pafupifupi 3 miliyoni n'kuchoka. Abale awiri, Ozzie ndi Daniel Silna, eni a Spirits of St. Louis, anakana kungolandira ndalama ya kamodzi. Anapempha kuti pa ndalama za wailesi ya kanema zomwe timu iliyonse mwa zinayi zija izilandira, gawo limodzi mwa magawo 7 lizipita kwa iwo mpaka kalekale. Nthawi imeneyo ndalama za kanema zinali zochepa kwambiri moti matimuwo anasaina, osadziwa kuti zaka za Jordan zili m'njira. Abalewa anakhala akulandira ndalama chaka ndi chaka opanda timu, opanda bwalo, opanda wosewera womulipira, mpaka zinakwana madola pafupifupi 300 miliyoni. Mu 2014 anapatsidwa ena okwana 500 miliyoni kuti gawo lalikulu la mgwirizanowo lithe.