Foni yotsekedwa nayonso imabooledwa

Ambiri amakhulupirira kuti iPhone singalowe pulogalamu yoipa, poti Apple imafuna kuti zonse zidzere mu sitolo yake ya mapulogalamu, App Store. Si zoona. Mu 2015, mapulogalamu okhala ndi kachilombo ka XcodeGhost anadutsa pachipata chomwecho, pulogalamu yochezerana ya ku China ya WeChat ili m'gulumo. Mu 2021, pulogalamu yaukazitape ya Pegasus inkalowa kudzera mu iMessage, pulogalamu ya mauthenga ya Apple, mwini foni asanadine paliponse: foni ili phee m'thumba, mauthenga akuwerengedwa kwina.

Kutsekako kumathandizadi, sindikukana, kumachepetsa misampha ya akuba wamba. Koma chimandiwawa n'chakuti mlonda yemweyo, Apple, ndiye amasankha zoti muike m'foni yomwe munagula ndi thukuta lanu. M'mayiko a European Union, lamulo linakakamiza Apple kulola masitolo ena a mapulogalamu kuyambira mu 2024.