Mazira akachotsedwa pa IVF, chimachitika n'chiyani m'chiberekero?

IVF ndi njira yothandiza kubereka: mazira a mayi amachotsedwa n'kukumanizidwa ndi umuna kunja kwa thupi, kenako mluza umaikidwa m'chiberekero. Amayi ambiri amaopa kuti singano yochotsera mazira ivulaza chiberekero. Singanoyo sifikako n'komwe. Dokotala amailowetsa kudzera m'khoma la njira ya abambo akuyang'ana pa sikani, n'kulunjika kuthumba la mazira, ndipo pa mphindi 20 kapena 30 ntchito yatha. Chimene chimasintha khoma la mkati mwa chiberekero ndi mahomoni.

Kwa masiku 8 mpaka 14 mayi amabayidwa jakisoni wa FSH, homoni yokulitsa mazira, kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Kathumba kalikonse ka dzira kamatulutsa homoni yotchedwa estrogen, choncho homoniyi imatha kukwera mpaka kuwirikiza kakhumi mlingo wa mwezi wamba. Khoma la chiberekero lija limakhuthala, ndipo madokotala amafuna lifike mamilimita 7 kapena kuposerapo. Koma kukhuthala pakokha sikukwanira. Progesterone, homoni yokonzekeretsa khomalo kulandira mluza, ikafulumira kukwera, kupitirira 1.5 ng/mL m'magazi tsiku la jakisoni womaliza wokhwimitsa mazira, wobayidwa kutatsala maola 36 kuti achotsedwe, khomalo limakhwima msanga n'kusiya mluza m'mbuyo. Mluza umafika nthawi yoti umere itadutsa kale. Apa n'kwanzeru kuumitsa miluza yonse m'malo ozizira kwambiri n'kudzaika mwezi wina thupi litakhazikika, ngakhale kudikirako kumawawa.

Mazira akachoka, timatumba totsalato timayamba kutulutsa progesterone, koma sitipirira. Kuchuluka kwa mahomoni kumachititsa ubongo kuchepetsa homoni ya LH, yomwe imatisunga tamoyo. Ndiye chifukwa chake amene aikidwa mluza mwezi womwewo amapatsidwa progesterone wowonjezera kuyambira tsiku lochotsa mazira kapena mawa lake. Musamusiye nokha chifukwa choti mwaona timadontho ta magazi.

Ngati mluza sunaikidwe, msambo umabwera pakatha masiku 10 mpaka 14 chichotsereni mazira pamene jakisoni womaliza anali wa hCG (homoni ya mimba), ndipo umafulumirako pamene anali wa mtundu wina wotchedwa GnRH agonist. Nthawi zambiri umakhala wochuluka kuposa masiku onse. Dziwaninso kuti hCG imakhalitsa m'thupi masiku pafupifupi 10, kotero kuyeza mkodzo msanga kungasonyeze mimba yomwe kulibe.

Choopsa ndi OHSS, vuto la kutupa kwa matumba a mazira chifukwa cha mankhwalawa, pamene mitsempha ya magazi imayamba kudonthetsera madzi m'mimba. Kutupikana pang'ono n'kwachibadwa, koma mukaona mimba ikufufuma mofulumira, sikelo ikukwera kilogalamu imodzi pa tsiku, mkodzo ukuchepa kapena mukubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.