Ubatizo wa pangozi sudikira bambo mfumu

M'miphakati (timagulu ta akhristu a Katolika okhala moyandikana) yambiri ya dayosizi ya Dedza anthu amakhulupirira kuti wobatiza ndi wansembe yekha, apo ayi akatekisi. Ndiye khanda likadwalika usiku, amathamangira kukasaka njinga yamoto yopita ku parishi, mwana n'kutsirizika asanabatizidwe.

Malamulo a Mpingo wa Katolika, pa ndime yotchedwa kanoni 861, amalola munthu aliyense kubatiza pakakhala ngozi ya imfa ndipo wansembe palibe. Mayi, gogo, mlonda wa kuchipatala, ngakhale wosabatizidwa, bola akhale ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita.

Tengani madzi wamba, a pamjigo kapena a mumtsuko. Sachita kufuna odalitsa. Thirani pamutu katatu, madziwo ayenderere pakhungu, uku mukunena kuti: "Ine ndikukubatiza iwe pa dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Pamene ambiri amaphonya ndi apa. Wothira madzi ndi wonena mawu akhale munthu mmodzi, ndipo zichitikire limodzi. Musanene kuti "ife tikukubatiza". Mu 2020 likulu la Mpingo ku Vatican lidagamula kuti ubatizo wotere ndi wosagwira. Mafuta, tiyi kapena thobwa sizilowa m'malo mwa madzi. Amene watsimikizika kuti wamwalira sabatizidwa. Munthu wamkulu amayenera kukhala ataonetsapo yekha kuti akuufuna ubatizowo.

Kukacha kauzeni bambo mfumu dzina, tsiku, malo, wobatiza ndi mboni kuti alembe m'kaundula. Mwanayo akachira sabatizidwanso. Amangopita naye kutchalitchi kukatsiriza miyambo yotsala: kudzozedwa mafuta oyera a krisma, nsalu yoyera ndi kandulo.