Wophunzira wodzilipirira yekha ku America: kodi IRS imubwezera ndalama?

Kodi ndi ndalama zanji zimenezi?

Wophunzira amene ali m'zaka zinayi zoyambirira za ku koleji akhoza kuchotseredwa msonkho mpaka $2,500 pachaka kudzera mu American Opportunity Tax Credit. Gawo la 40 peresenti, losapitirira $1,000, bungwe lotolera misonkho ku America la IRS limakupatsani ngakhale mulibe msonkho woti mulipire. Mumapempha pa fomu 8863.

Makolo sandithandiza olo tambala. Ndiye kuti ndilandira?

Musathamange. IRS imafunsa kumene ndalama zimene mumadzisamalira nazo zachokera. Ngati muli ndi zaka 19 mpaka 23 pakutha pa chaka ndipo munalembetsa maphunziro a nthawi zonse (full-time), $1,000 ija simuiona zinthu zitatu izi zikakumana: malipiro a ntchito yanu sanafike theka la zonse zokusamalirani, kholo limodzi likadali moyo, ndiponso simunalembe fomu ya msonkho pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wanu. Chimodzi chikasowa, khomo latseguka.

Nanga ngongole ya sukulu imene ndinatenga m'dzina langa?

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngongoleyo imasonyezadi kuti mumadzisamalira nokha, moti makolo sangakulembeni pa fomu yawo ngati munthu wodalira iwo. Koma ngongole si malipiro a ntchito. Tinene kuti fizi, lendi, chakudya ndi zina zonse zakwana $20,000 pachaka. Mwagwira ganyu mu lesitilanti n'kupeza $7,000, ndipo $13,000 yotsalayo mwakongola. Mwadziimira panokha ndithu, koma $7,000 sinafike $10,000, choncho mungochotseredwa pa msonkho umene mukuyenera kulipira, ndipo wamalipiro otere nthawi zambiri amakhala alibe msonkho. Kunena zoona lamuloli limapweteka mwana amene makolo ake ali moyo koma anamutaya kalekale.

Ndikakwanitsa zaka 24?

Zitatu zija sizikukhudzaninso, bola pasakhale wina wakulembani pa fomu yake.

Ndinachokera ku Malawi pa viza ya ophunzira ya F-1. Ndili m'gululi?

Kawirikawiri ayi. Kwa zaka zisanu zoyambirira IRS imakuwerengani ngati mlendo wosakhazikika, ndipo wotere saloledwa kupempha ndalamazi. Fomu 1098-T imene koleji ingakutumizireni isakunyengeni: imangosonyeza fizi imene yalipidwa, si chilolezo.