Mkangano wa ku Andover Umene Unasamutsa Magazini ya Bibliotheca Sacra

Mwa magazini a maphunziro a zaumulungu amene akutulukabe ku America, yakale kwambiri ndi Bibliotheca Sacra. Anaiyambitsa ndi Edward Robinson ku New York mu 1843, ndipo chaka chotsatira inapita kuseminale ya Andover ku Massachusetts, komwe Edwards Amasa Park, mphunzitsi wa pasukuluyo, anaiyendetsa kwa zaka pafupifupi 40.

Seminale ya Andover inabadwa pa mkangano. Inatsegulidwa mu 1808 ndi anthu amene anakhumudwa pamene yunivesite ya Harvard inapereka udindo wophunzitsa zaumulungu kwa Henry Ware, munthu wosavomereza chiphunzitso cha Utatu. Poopa kuti zoterezi zingachitikenso, anamanga lamulo loti mphunzitsi aliyense azivomereza poyera chikhulupiriro cha sukuluyo pa zaka zisanu zilizonse.

Park atapuma pa ntchito yophunzitsa mu 1881, zinthu zinatembenuka. Aphunzitsi ena, motsogozedwa ndi Egbert Smyth, anayamba kunena kuti munthu amene anamwalira asanamveko za Khristu angathe kupatsidwa mwayi womva ndi kusankha kuseri kwa manda. Funsoli si lachibwana. Mkhristu aliyense amene makolo ake anaikidwa m'manda uthenga wabwino usanafike m'mudzi mwawo amadziwa mmene limapwetekera, ndipo ine sindingawadzudzule aphunzitsiwo chifukwa cholifunsa. Koma anzawo ankaona ngozi: ngati mwayi ulipo pambuyo pa imfa, achinyamata awolokerenji nyanja kukafa ndi malungo kumaiko akutali? Bungwe la American Board, limene linkatumiza amishonale, linafika pokana ena ofuna kupita chifukwa chotsatira maganizowa.

Nkhondoyi inamenyedwa kwambiri papepala. Mu 1884 gulu la Smyth linayambitsa magazini yawoyawo, Andover Review. Chaka chomwecho, chifukwa cha mkanganowu, Bibliotheca Sacra inachoka pa Andover n'kukakhala ku Oberlin, ku Ohio, m'manja mwa George Frederick Wright, m'busa amene analinso katswiri wa sayansi ya miyala. Smyth anazengedwa mlandu ndipo mu 1887 oyang'anira sukulu analamula kuti achotsedwe, koma khoti lalikulu la ku Massachusetts linathetsa chigamulocho mu 1891. Andover Review inasiya kutuluka mu 1893.

Wright atamwalira mu 1921, magaziniyo inapita kuseminale ya Xenia, kenako mu 1934 inafika ku Dallas, Texas, pasukulu imene lero ndi Dallas Theological Seminary. Kumeneko inavala nkhope ina. Pansi pa Lewis Sperry Chafer, woyambitsa sukuluyo, ndiponso John Walvoord amene anakhala mkonzi kuyambira 1952 mpaka 1985, masamba ake anadzaza ndi nkhani za maulosi, mkwatulo ndi ulamuliro wa Khristu wa zaka 1,000, ziphunzitso zimene abusa ambiri ophunzira ku Dallas anazifalitsa m'mipingo ya kumaiko ena.