Chilonda cha pa kapinga wa pulasitiki musachichedwetse

Kwa makolo, makochi ndi achinyamata onse osewera mpira.

Mwina munamvapo mphekesera yoti mabwalo a kapinga wochita kupanga, wonga uja wa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, amayambitsa khansa. Nkhaniyi ndi yakunja, ndipo si ya lero. Pakati pa udzu wapulasitikiwo amathirapo timibulu takuda topangidwa pogaya matayala akale. Mu Okutobala 2016, pulogalamu ya pa TV yotchedwa Zembla ku Netherlands inadzutsa mantha pa timibuluti, mpaka makalabu ena anatseka mabwalo awo. Bungwe la boma loona zaumoyo kumeneko, RIVM, linayeza ndipo mu Disembala chaka chomwecho linanena kuti anthu angathe kusewerapo. Mu 2023 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linalamula kuti timibuluti tisadzagulitsidwenso kuyambira 2031, koma chifukwa chake ndi tizidutswa ta pulasitiki tomwe timakokoloka n'kulowa m'mitsinje. M'mizinda ngati Sydney ku Australia anthu akukanabe mabwalowa m'mapaki awo, podandaula za kutentha ndi kutha kwa udzu weniweni. Mkangano umenewo upitirire. Ife chotidetsa nkhawa ndi china, ndipo n'chapafupi: chilonda.

Mwana akatsetsereka pa kapingayu, khungu limasupuka ngati wapsa, makamaka pa bondo, pa ntchafu ndi pa chigongono. Magazi satuluka ambiri, n'chifukwa chake chimapeputsidwa. Amangoti "ndi kachilonda ka mpira", n'kukweza sokosi, masewero n'kupitirira. Ena amafika ponena kuti popeza pabwalopo palibe dothi, chilondacho n'chaukhondo. Limenelo ndi bodza. Tizilombo totchedwa staphylococcus timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri abwinobwino, timangodikira pamene pang'ambika. Timayendanso pa thaulo lobwerekana, sopo, lezala, ndi majezi ovala mosinthana osachapa.

Musaganize kuti izi ndi za osauka okha. Mu 2003, osewera 5 a timu ya St. Louis Rams ku America anadwala MRSA, mtundu wa staphylococcus wosamva mankhwala ambiri, ndipo matendawo anayambira pomwe anasupukira pa kapinga. Amenewo ndi akatswiri okhala ndi madokotala awoawo. Nanga mwana wanu wobwerekana thaulo ndi anzake khumi?

Tsukani chilondacho tsiku lomwelo, osati mawa. Madzi aukhondo ambiri ndi sopo, mpaka timibulu takuda ndi mchenga zonse zitachoka, ngakhale mwana alire. Mukatero phimbani ndi bandeji yoyera, muzisintha tsiku lililonse. Asabwerere kosewera chilonda chili poyera. Phulusa ayi, mankhwala otsukira mano ayi. Ndipo chonde, lekani chizolowezi chotsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachilonda. Tanena kambirimbiri: sizichiritsa, zimangothandiza tizilombo kuzolowera mankhwala.

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, yang'anani ndi maso anu, musangofunsa. Mnyamata woopa kuchotsedwa mu timu adzati "ndili bwino" kwinaku akutsimphina. Ngati pakutupa, pakutentha, ululu ukukula m'malo mochepa, mafinya akutuluka, pamera chithupsa, kapena wachita mwanabere m'chinena kapena m'khwapa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likatentha, kapena bondo likakana kupindika, musadikirenso kuti kuche. Chithupsa musachifinye pakhomo, chifukwa mumakankhira tizilombo mkati. Tikafika m'magazi, mu mfundo kapena m'fupa, nkhani siikhalanso ya bandeji, ndi ya kugonekedwa. Mufunsenso ngati katemera wa kafumbata akadali bwino.

Za kutentha tinenepo pang'ono, poti Okutobala ndi Novembala timawadziwa. Kapingayu sazizira ngati udzu wamoyo. Dzuwa likaswa mtengo, pamwamba pake pamatha kupyola madigiri 60 pamene mpweya uli m'ma 30. Musalole ana kusewerapo opanda nsapato, ndipo masewero akhale a m'mawa kapena madzulo. Madzi akhale pafupi, azimwa asanamve ludzu. Wosewera akachita chizungulire, mutu, kusanza kapena kuyankhula zosamveka, mutulutseni, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse ndipo thamangirani kuchipatala. Kuthira madzi pabwalo kumaziziritsa kanthawi kochepa chabe.

Ngati timibulu tija tikukudetsanibe nkhawa, chochita n'chosavuta. Ana asambe m'manja asanadye, akutumule nsapato ndi masokosi panja, ndipo makanda asamakwawe pabwalopo n'kumatola timibuluto kuika m'kamwa.

Koma inu makochi, tibwerere ku chilonda chija. Musanayambe masewero, onani mawondo ndi zigongono za aliyense. Wa chilonda chotuluka mafinya akhale kaye panja mpaka aonedwe ndi achipatala, ngakhale atakhala womwetsa zigoli wanu ndipo Loweruka kuli fainolo. Aliyense abwere ndi thaulo lake, ndipo m'chikwama cha timu musasowe sopo, botolo la madzi aukhondo ndi mabandeji.